Soya wadula? Akalulu angathe kunenepa ndi nandolo

Ulimi wa akalulu ndi woyenera kwambiri m'madera amene malo olima ndi odyetsera ziweto anachepa, monga kwa Mfumu Yaikulu Nazombe m'boma la Phalombe. Kalulu safuna dambo ngati ng'ombe, salowa m'munda mwa eni ngati mbuzi, ndipo khola lake limakwana kuseri kwa nyumba. Wamkazi amakhala ndi bere masiku 31 okha, amaswa ana 6 mpaka 8, ndipo akasamalidwa bwino angathe kuswa kanayi kapena kasanu pa chaka. Banja limene linataya ziweto ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 lingayambirenso msanga ndi akalulu kusiyana ndi mbuzi kapena ng'ombe.

Chimene chimagwetsa mphwayi alimi ndi chakudya. Malangizo ambiri a kasakanizidwe ka chakudya cha akalulu amatchula keke ya soya, ndiye kuti zotsalira za soya akayenga mafuta. Mlimi akamva zimenezi amaona ngati popanda soya palibe ulimi wa akalulu, choncho amangowaponyera udzu ndi madeya. Mapeto ake akalulu amakula mochedwa, aakazi amasowa mkaka ndipo ana amafa asanaleke kuyamwa.

Zoona zake n'zakuti kalulu safuna soya. Chimene amafuna ndi zomanga thupi zimene zili mu soyamo, ndipo zimenezi ziliponso m'mbewu ndi m'masamba a m'minda ya ku Phalombe. Chofunika ndi kudziwa kuchuluka kwake, kukonza kwake ndi kusakaniza kwake.

Chifukwa chake soya ndi wovuta kuno

Soya wambiri m'dziko muno amalimidwa m'chigawo chapakati, m'maboma monga Lilongwe, Mchinji, Kasungu ndi Dedza. Amene amamugula mochuluka ndi makampani oyenga mafuta ophikira, opanga chakudya cha nkhuku ndiponso otumiza kunja. Kuti keke ya soya ifike pa msika wa Migowi kapena Chiringa imakhala itadutsa m'manja ambiri, ndipo dzanja lililonse laikapo phindu lake ndi mtengo wa galimoto.

Zaka zapitazi zaonetsanso kuti mtengo wa soya sungadaliridwe. Mu 2023 matenda a dzimbiri anagwira soya m'minda yambiri ndipo zokolola zinatsika. Mu Novembala chaka chomwecho mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100 aliwonse, zimene zinakweza mtengo wa mayendedwe ndi zakudya za ziweto. Mlimi wa akalulu khumi sangalimbirane soya ndi kampani ya nkhuku zikwizikwi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Fodya wa pamphuno kwa mlimi wa kwa Nazombe ndi nandolo, khobwe, mpendadzuwa ndi masamba a pakhomo.

Kalulu amafuna zomanga thupi zochuluka bwanji?

Kalulu amene akukula amafuna chakudya chokhala ndi magawo 16 pa 100 aliwonse a zomanga thupi. Wamkazi woyamwitsa amafuna 17 kapena 18. Wamphongo wamkulu amene wangokhala amakwanitsidwa ndi 13. Madeya a chimanga ali ndi magawo pafupifupi 10 okha, n'chifukwa chake kalulu wodya madeya ndi udzu basi amakhala moyo koma sakula.

Kalulu ali ndi mwayi umene nkhuku ndi nkhumba zilibe. M'matumbo mwake muli thumba lalikulu m'mene tizilombo tosaoneka ndi maso timaphwanya masamba ndi udzu. Kuchokera m'thumbali mumatuluka ndowe zofewa zimene kalulu amadyanso, kawirikawiri usiku kapena m'bandakucha, ndipo potero amapeza zomanga thupi zoonjezera ndi mavitamini. Si matenda ayi, ndi chilengedwe chake. N'chifukwa chake kalulu amapindula ndi masamba kuposa nkhuku. Buku la bungwe la FAO la ulimi wa akalulu limaonetsa kuti kalulu amasandutsa nyama magawo pafupifupi 20 pa 100 a zomanga thupi zimene wadya, pamene ng'ombe imasandutsa magawo 8 mpaka 12. Kuno kwathu, aphunzitsi a pa sukulu ya zaulimi ya Bunda anali akufufuza kale za zomera zimene akalulu amadya m'zaka za m'ma 1980.

Komabe tisanamizane. Keke ya soya ili ndi magawo 44 mpaka 48 a zomanga thupi. Mwa zonse zimene zitchulidwe pano, ndi keke ya mtedza yokha imene imayandikira pamenepo. Zina zonse zili ndi theka lake kapena kupitirirapo pang'ono. Choncho amene wachotsa kilogalamu imodzi ya soya n'kuikapo kilogalamu imodzi ya nandolo wachepetsa chakudya cha akalulu ake. Chala chimodzi sichiswa nsabwe: malo a soya amatsekedwa ndi zinthu ziwiri kapena zitatu pamodzi.

Nandolo: mbewu ndi masamba omwe

M'chigwa cha Phalombe pafupifupi munda uliwonse wa chimanga uli ndi nandolo, kaya ndi wamakolo monga Mthawajuni kapena wamakono monga Mwaiwathualimi. Nandolo wouma ali ndi magawo 20 mpaka 22 a zomanga thupi, ndipo masamba ake akauma ali ndi magawo ofanana ndi amenewa. Popeza mizu yake imapita pansi kwambiri, nandolo amakhalabe wobiriwira chimanga chitakololedwa ndipo udzu utauma.

Nandolo wabwino ndi ndiwo za ana komanso ndi ndalama, choncho sikoyenera kumulanda pakamwa pa banja. Wa akalulu ndi uja wosweka popuntha, wonyala, wamng'onomng'ono ndi wobooledwa ndi tizilombo, amene ogula amakana posankha. Makoko ake ndi masamba oyoyoka pa malo opunthira nawonso asatenthedwe, chifukwa amapatsa kalulu chakudya chokhakhala chimene mimba yake imafuna.

Pali zaka zina pamene ngakhale nandolo wabwino amasowa msika. Mu Ogasiti 2017 dziko la India, limene limagula nandolo wambiri wa kuno, linaika malire pa nandolo wolowa m'dzikomo, ndipo mitengo kuno inagweratu. Mu 2021 maboma a Malawi ndi India anasainirana mgwirizano wa zaka zisanu wa matani 50,000 pa chaka, koma phunziro la 2017 lisaiwalike. Chaka chimene wavenda akupereka mtengo wachipongwe, thumba la nandolo lingapindule kwambiri likadutsa m'mimba mwa kalulu n'kugulitsidwa ngati nyama.

Lamulo lothandiza posankha ndi ili: kilogalamu imodzi ya keke ya soya ikufanana ndi makilogalamu awiri a nandolo. Ngati mtengo wa makilogalamu awiri a nandolo ukuposa wa kilogalamu imodzi ya keke ya soya, gulitsani nandolo wabwinoyo, akalulu adye wotsalira posankha. Ngati ukuchepera, nandolo ndiye wotsika mtengo.

Nandolo, khobwe, nkhungudzu ndi soya yemwe zikakhala zosaphika zili ndi mankhwala achilengedwe amene amalepheretsa chakudya kugayika bwino m'mimba. Mankhwalawa amatha ndi moto. Kazingani nandolo m'phale kapena m'chiwaya pa moto wochepa kwa mphindi 15 mpaka 20 mukutakasa, mpaka asinthe mtundu pang'ono ndi kuyamba kununkhira. Asapserere, chifukwa akada zomanga thupi zimaonongeka. Njira ina ndi kuwiritsa kwa theka la ola, kutaya madzi ndi kuyanika padzuwa mpaka aumiretu. Kenaka sinjani mumtondo kuti angosweka, osati kukhala ufa. Khobwe, amene ali ndi magawo 23 mpaka 25, amakonzedwa chimodzimodzi ndipo angalowe m'malo mwa nandolo muyeso womwewo.

Keke ya mpendadzuwa ndi ya mtedza

Phalombe ndi limodzi mwa maboma odziwika ndi ulimi wa mpendadzuwa. Amene amapititsa mpendadzuwa wake kumakina oyengera mafuta asasiye keke kumeneko. Keke yoyengedwa ndi makoko omwe imakhala ndi magawo 25 mpaka 30 a zomanga thupi. Makokowo amavuta kwa anapiye, koma kwa kalulu ndi abwino chifukwa amathandiza kuti matumbo aziyenda.

Pali chifukwa china chophatikizira mpendadzuwa ndi nandolo. Zomanga thupi zimapangidwa ndi tizigawo tosiyanasiyana, ndipo tiwiri timene timasowa kawirikawiri ndi lysine ndi methionine. Nandolo ndi khobwe ali ndi lysine wokwanira koma methionine wochepa. Keke ya mpendadzuwa ili ndi methionine wambiri koma lysine wochepa. Zili ngati womanga nyumba amene ali ndi njerwa koma alibe dothi lomangira, pamene mnzake ali ndi dothi koma alibe njerwa. Akaphatikiza, khoma limakwera.

Keke yochokera m'makina aang'ono imakhala ndi mafuta otsalira, choncho ikakhalitsa imayamba fungo ndipo akalulu amaikana. Tengani yokwanira mwezi umodzi ndipo isungidwe pouma. Njere zosayenga za mpendadzuwa zili ndi mafuta ambiri ndipo zimanenepetsa wamkazi mpaka kuvuta kutenga bere, choncho zisapitirire pang'ono chabe.

Keke ya mtedza ili ndi magawo 40 kapena kuposerapo, koma ili ndi chiopsezo cha chuku. Akalulu sachedwa kufa ndi poizoni wa chuku, amene amaononga chiwindi. Mtedza wofufuma, wowawa kapena wankhungu, umene anthu akana, usapite ku khola. Masangwe a mtedza akaumitsidwa masamba asanayoyoke ndi chakudya chabwino kwambiri. Keke ya njere za thonje ili ndi mankhwala otchedwa gossypol amene amachepetsa mphamvu yobereka ya amphongo, choncho akalulu a mbewu asapatsidwe.

Masamba a pakhomo

Masamba a chamwamba akauma ali ndi magawo 25 kapena kuposerapo a zomanga thupi, ndipo akalulu amawakonda. Mtengowu umamera ndi njere kapena ndi nthambi yongozika, ndipo ukamadulidwa msinkhu wa m'chiuno umaphukira nthambi zambiri. Mitengo ingapo m'mpanda wa pakhomo imathandiza khola ndi khitchini yomwe.

Kholowa pamodzi ndi zingwe zake, masamba a mabulosi, chitambe, chisoso ndi bonongwe ndi zakudya zabwino za tsiku ndi tsiku. Masamba a nthochi ndi udzu wokhwima zimadzaza mimba koma zomanga thupi n'zochepa.

Pali masamba ena abwino koma ofuna kusamala. Lukina ali ndi magawo 22 mpaka 25, koma alinso ndi mankhwala otchedwa mimosine. Kalulu akadya lukina wambiri kwa masabata angapo, ubweya umathothoka ndipo amasiya kukula. Lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a chakudya chonse cha pa tsiku, ndipo aziperekedwa wofota kapena wouma. Chigwada nacho chili ndi zomanga thupi zoposa magawo 20, koma chikakhala chachiwisi, makamaka cha chinangwa chowawa, chili ndi poizoni. Chiduleni ndi kuchiyanika masiku awiri kapena atatu musanapereke. Masamba a gliricidia, mtengo wa chonde umene bungwe la ICRAF linayesa ndi chimanga ku Makoka m'boma la Zomba m'zaka za m'ma 1990, ali ndi zomanga thupi zambiri koma fungo lake akalulu salikonda. Afotetseni kaye ndi kuwasakaniza ndi masamba ena.

Kalongonda aliyense wa kuno amamudziwa, ndipo amadziwanso kuti saphikidwa mothamanga. Chimene chimazunguza mutu munthu wodya kalongonda wosapsa chimavulazanso kalulu. Kukazinga kokha sikukwanira. Amafunika kuwiritsidwa nthawi yaitali ndi kusintha madzi kangapo, monga amachitira amayi pophikira anthu. Mukawerengera nkhuni ndi nthawi, n'kwabwino kalongonda akhale wa anthu ndi wobwezera chonde m'nthaka.

Zosayenera kulowa m'khola konse ndi izi: masamba a fodya, nsatsi, matimati ndi mbatatesi, mtengo wa ombwe uja amaphera nsomba, masamba opoperedwa mankhwala posachedwa, ndi mbewu zopakidwa mankhwala zogula zodzala.

Kasakanizidwe kake

Mlimi wogwiritsa ntchito soya akasakaniza makilogalamu 8 a madeya ndi makilogalamu 2 a keke ya soya amapeza chakudya cha magawo pafupifupi 17 pa 100. Popanda soya, makilogalamu 10 a chakudya cha mphamvu yomweyo angapangidwe motere:

Madeya a chimanga: makilogalamu 5
Nandolo kapena khobwe wokazinga: makilogalamu 2
Keke ya mpendadzuwa: kilogalamu imodzi ndi theka
Masamba ouma a chamwamba ndi nandolo: kilogalamu imodzi ndi theka
Mchere: magalamu 50

Onani kuti malo a makilogalamu 2 a soya atsekedwa ndi makilogalamu 5 a zinthu zina, ndipo madeya atsika kuchoka pa 8 kufika pa 5. Chakudyachi n'choyenera aakazi oyamwitsa ndi ana ongoleka kuyamwa.

Kumene keke ya mpendadzuwa sikupezeka, sakanizani makilogalamu 5 a madeya, awiri ndi theka a nandolo wokazinga, awiri ndi theka a masamba ouma, ndi mchere womwewo. Chimenechi chimafika magawo pafupifupi 16, okwanira akalulu amene akukula. Chamwamba ndi masamba a mbewu za mtundu wa nyemba zilinso ndi michere yolimbitsa mafupa imene madeya alibe yokwanira.

Miyeso imeneyi ndi ya sikelo, osati ya mbale. Mbale ya masamba ouma ndi yopepuka kwambiri poyerekeza ndi mbale ya nandolo. Amene alibe sikelo apite kamodzi kwa mnzake wa sikelo pa msika, ayeze chinthu chilichonse, ndi kuika chizindikiro pa chitini kapena ndowa imene azigwiritsa ntchito masiku onse.

Kalulu amene akukula apatsidwe magalamu 60 mpaka 80 pa tsiku, woyamwitsa 150 mpaka 200, ndipo onse akhale ndi masamba ndi udzu wokwanira, makamaka madzulo popeza kalulu amadya kwambiri usiku. Kalulu sakonda chakudya cha fumbi, chimamuyetsemulitsa ndipo amachipalasa. Wazani madzi pang'ono kuti chingogwirana, ndipo nyowetsani chokhacho chimene athe nthawi imodzi. Chotsala chichotsedwe chisanasase.

Chakudya chatsopano chisayambidwe mwadzidzidzi. Tizilombo ta m'thumba la m'matumbo tija timafuna nthawi kuti tizolowere, ndipo kusintha kwa tsiku limodzi kumabweretsa kutsekula m'mimba kumene kumapha ana ambiri ongoleka kuyamwa. Yambani ndi pang'ono, muzionjezera tsiku ndi tsiku kwa sabata yathunthu. Masamba a mame kapena ounjikidwa mpaka kutentha amatupitsa mimba, choncho ayalidwe pamthunzi afote kaye. Ndipo chikhulupiriro choti kalulu samwa madzi chapha akalulu ambiri. Wodya chakudya chouma, makamaka woyamwitsa, amafuna madzi oyera tsiku lonse.

Mfutso wa akalulu

Nthawi yovuta pa ulimiwu ndi kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, pamene tchire lapsa ndipo mbuzi zamasulidwa m'minda. Amayi a kumudzi anathana nalo kalekale vuto lotere pofutsa ndiwo nthawi ya dzinja. Akalulu nawo amafuna mfutso wao, kungoti wao sawiritsa.

Nthawi yabwino yosonkhanitsa ndi Malichi mpaka Meyi, mvula ikamachepa koma masamba akadali obiriwira. Yanikani chamwamba, chitambe, kholowa, chigwada ndi masangwe pamphasa kapena pathandala, pamalo a mthunzi podutsa mphepo. Masamba ouma bwino amafikisika m'manja koma amakhalabe obiriwira. Asungeni m'matumba pamwamba, kutali ndi chinyontho, chiswe ndi makoswe. Masamba a nandolo asathyoledwe ambiri mbewu isanakhwime, kuopa kuchepetsa zokolola. Dikirani nthawi yokolola, kuyambira Juni kupita m'tsogolo, ndipo mukatha kuthyola nandolo dulani nthambi zanthete za akalulu.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Wamkazi mmodzi woyamwitsa amadya makilogalamu 5 kapena 6 a chosakaniza pa mwezi. Ana 6 amene akukula amadya makilogalamu 12 kapena kuposerapo pang'ono. Mlimi amene waona kuti nkhokwe ya akalulu siikwana afulumire kugulitsa kapena kudya akalulu okhwima chilimwe chisanafike pachimake, asiye a mbewu okha. Akalulu asanu okhuta amapindulitsa kuposa makumi awiri anjala.

Sikelo ndiye mboni

Njira yodziwira ngati chakudya chikugwira ntchito ndi kuyeza. Ikani ana a kalulu m'thumba kapena m'dengu ndi kuwayeza tsiku limodzi lomwelo sabata iliyonse, n'kulemba m'kope. Pa chakudya chabwino cha kumudzi, mwana woleka kuyamwa pa masabata 6 ayenera kuonjezera magalamu 100 mpaka 150 pa sabata, ndi kufika makilogalamu awiri ali ndi miyezi inayi kapena isanu. Ngati sakufika pamenepo, chepetsani madeya ndi kuonjezera nandolo kapena keke. Ngati ubweya ukuthothoka, chotsani lukina. Ngati akutsekula m'mimba, chepetsani chosakaniza, onjezerani udzu wouma, ndipo itanani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, chifukwa matenda ena a m'matumbo amabwera ndi uve wa m'khola osati chakudya.

Alimi oyandikana angathandizane pogula keke ya mpendadzuwa pamodzi, kubwerekana sikelo ndi kusinthana amphongo kuti akalulu apachibale asamakwerane. Ndowe za pansi pa khola zibwerere kumunda kapena kudimba, kumene zidzakulitsa chimanga, nandolo ndi kholowa za chaka chamawa.

Ntchito yoyamba ndi yapafupi. Nyengo yokolola nandolo ikafika, ikani padera thumba limodzi la wosweka ndi wokanidwa, sesani makoko ndi masamba pa malo opunthira, ndipo mvula ikagwa zikani nthambi za chamwamba m'mpanda. Amene achita zimenezi sadzafunsanso mtengo wa soya pa Migowi asanadyetse akalulu ake.